Theka la Katoni

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene munthu wamkulu anandigwadira koyamba. Anali mayi wa ana anayi, ndipo anagwada pa simenti n'kundiombera m'manja ngati ndine apongozi ake. Ndikati ndinachita manyazi ndiye kuti ndanama. Zinandikomera, ndipo kukoma kwake ndikukukumbukirabe lero pamene imvi zadzaza m'mutu.

Tinkakhala ku George, komboni ya fumbi kupitirira Matero. Agogo anga aamuna anachoka ku Nyasalande wapansi kudzafuna ntchito, osabwereranso, motero ife tinabadwira mu Lusaka. Panjira tinkayankhula Chinyanja chothamanga cha m'tauni, koma ukalowa nacho m'nyumba amayi ankakukoka khutu. Bambo anali telala pakhonde la sitolo ina ku Matero. Chaka chimenecho chikuku chinayenda khomo ndi khomo, ndipo chitachoka pa mlongo wanga Yobu, wa zaka zitatu, chinamusiyira chibayo. M'chisanu cha mwezi wa Juni anamugoneka kuchipatala chachikulu. Sukulu ndinayamba ndaiika pambali kuti ndizithandiza amayi kumeneko.

Wodi ya ana inali yodzaza, ana awiri pabedi limodzi, wina mutu uku, wina mutu uko. Masana azimayi ankakhala pambali pa ana awo, kuwamwetsa phala ndi kuwapukuta. Koma belu la madzulo likalira, onse ankatulutsidwa kupatula oyamwitsa makanda, ndipo usiku wonse munkatsala namwino mmodzi. Kuseri kwa wodiyo, kudutsa kabwalo ka fumbi, kunali shedi ya malata. Makoma ake ankalekeza m'mapewa mwa munthu wamkulu, pansi panali simenti, ndipo khomo linali limodzi, lopanda chitseko. M'menemo ndi m'mene azimayi a ana odwala ankagona, aliyense pa katoni yake, mothinana moti ukafuna kutembenuka unkayamba wapepesa mnzako. Munkanunkha palafini, matewera osauma ndi utsi wa mbaula.

Anthu sankalimbirana shediyo chifukwa cha tulo. Tulo munalibe. Ankalimbirana chifukwa cha kuitana. Mwana akayamba kuthatha usiku, namwino sakanatha kusiya ana ena onse n'kumakasakasaka make. Ankangotsegula chitseko chakuseri n'kufuula kuti, "Amake uje!" Ogona pafupi ndi khomo ankalandira dzinalo n'kuliponyera kumbuyo, likuyenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kukafika kwa mwini wake. Woitanidwayo ankadzuka n'kuthamanga, nsalu ikukwekwereka. Ena ankakapeza mwana akungofuna madzi. Ena ankafika pa nthawi yoti amugwire dzanja ndi kumutseka maso. Koma amene wasowa malo m'shedi analibe mwayi umenewo, pakuti alonda sankalola munthu kugona m'makonde. Ankakutulutsa kunja kwa geti, ukagone pansi pa tizisakasa ta amalonda timene tinkati tuntemba, ndipo kumeneko mawu a namwino sankafika.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo paliponse pamene pasonkhana anthu opitirira asanu pankamera tcheyamani, kaya ndi pamsika, pampopi kapena pamzere wa sopo. Shedi yathu nayonso inali ndi wake. Tinkangowati ba Tcheya. Anali mayi wamkulu thupi wa ku Mandevu, wa mawu ngati a mwamuna, ndipo mwana wawo anapsa ndi madzi otentha, choncho anali atakhalitsa kuposa aliyense. Palibe anawasankha, komanso palibe ankawatsutsa. Lamulo lawo loyamba linali lakuti malo amasungidwa ndi thako, osati ndi nsalu. Belu likalira katoni yako ili yopanda munthu, yapita. Lachiwiri linali lakuti ukalola munthu kugona pa katoni yako usiku umodzi, theka lake ndi lake mpaka mwana wake atatuluka. Akuti lamulo limeneli analiika chifukwa cha chifundo, mayi wina atalandira mlendo Lolemba n'kumuthamangitsa Lachiwiri mvula ili pamsana. Koma chichokereni tsikulo palibenso amene ankalandira mlendo. Lachitatu linali lakuti m'shedi simulira munthu, chifukwa kulira kumaitana imfa pa ana a ena.

Katoni yathu inali yosiririka. Bambo anaipempha kwa mmwenye wina wa ku Kamwala amene ankamusokera makatani, ndipo inali ya firiji, yokhuthala, yokwana anthu awiri. Tinayambira kumapeto kwenikweni, pafupi ndi fungo la zimbudzi, ndipo tinkasendera kutsogolo pang'onopang'ono anthu akamachoka, ena ndi ana awo kumbuyo, ena ndi bulangete lopinda lokha. Ndiulule kuti ndikamva maliro m'mawa, ndinkayamba ndayang'ana kuti katoni yake ili pati. Pomatha masabata asanu tinali achitatu kuchokera pakhomo, ndipo ndinkanyada nazo ngati ndakhoza mayeso.

Tsiku lina masana mayi woyandikana nafe ku George anabwera ndi uthenga. Ufa unali utasowa m'masitolo, monga zinkachitikira kawirikawiri zaka zimenezo, ndipo kunamveka kuti lole ibwera nawo ku Matero m'mawa mwake. Anthu anali atayamba kale kundanda kuti agone pamzere. Bambo anali atapita ku maliro ku Kabwe, ndipo azing'ono anga awiri kunyumba anali atatha masiku akudya mbatata za anthu. Tsiku limenelo Yobu anali atakhala tsonga koyamba n'kumaliza phala lake. Amayi anayang'ana Yobu, anayang'ana ine, kenaka anamanga duku.

"Malita, tamvera," anatero atandigwira paphewa. "Belu lisanalire ukhale uli pa katoni. Usasunthe mpaka kuche. Ngakhale abwere ndani, ngakhale mkodzo ukugwire, usasunthe. Akaitana dzina la Yobu, pokhapo uthamange. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndinali mwana womvera, ndipo ku Sande sukulu ndinali nditaloweza kuti kumvera kumaposa nsembe.

Belu litalira, azimayi anatuluka m'wodi n'kudzaza shedi. Ine ndinali nditakhala kale pakati pa katoni, bulangete la amayi ndalipinda pambali panga kuti pazioneka ngati pali munthu. Kunja kukuyamba kuchita mdima, pakhomo panaima mayi wina wachilendo. Anali wamtali, wowonda, wopanda nsapato, fumbi lofiira mpaka m'mawondo, kamtolo kali pamutu. Anali atafika masana omwewo pa lole kuchokera kumidzi ya kummwera, kutsidya kwa Kafue, ndipo mwana wake anali atangomulanda m'manja n'kumuika dilipi. Chinyanja ankachidziwa pang'ono chabe. Anaomba m'manja n'kupempha pogona.

"Malo yasila, mayo," anatero ba Tcheya osadzuka n'komwe. "Onani mweka. Pemphani bamene bali na malo yakulu. Ine siningakakamize munthu."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Mayi uja anawatsatira maso aja, n'kuona kamtsikana kamodzi pa katoni ya anthu awiri. Analumpha miyendo ya anthu mosamala, anatula kamtolo kake, n'kugwada patsogolo panga.

"Mwana wanga, Mutinta, adwala maningi," anatero akuomba m'manja. "Nigoneko apa. Pang'ono chabe. Mailo m'mawa nizachoka."

Ndinkalidziwa lamulo la ba Tcheya. Ndikanamulola, amayi pobwera akanapeza theka la katoni yawo lili ndi mwini wina, ndipo ine ndikanasowa pogona. Chimenecho chinali chifukwa chenicheni, ndipo ndikanangonena kuti pepani, amayi anga anandiletsa, mwina lero ndikanakhala ndi pobisala. Koma shedi yonse inali chete kudikira kuti kamwana kayankha chiyani, ndipo munthu wamkulu anali pansi, ine pamwamba. Ndinatambasula miyendo mpaka m'mbali zonse ziwiri za katoni. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwanga sanali a m'nyumba mwa amayi. Anali a makondakitala ndi anyamata a chipani amene ankatikankha pamzere wa ufa.

"Kulibe malo. Muganiza ni pa hotela pano? Khadi ya chipani muli nayo? Yendani kumunzi kwanu mukagone na ng'ombe."

Shedi yonse inafa nalo phwete. Wina anafuula kuchokera kumbuyo kuti, "Aka kamwana kazakankhala ka tcheya!" Ngakhale ba Tcheya anaseka mpaka kutsokomola. Ine mtima unali dyokodyoko, makutu akutentha ndi chimwemwe.

Sindikudziwa ngati mayi uja anamva mawu onse, koma kuseka sikufuna womasulira. Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kunena mawu amodzi a chiyankhulo chake, "Twalumba." Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti ankati zikomo. Ndinaimirira pa katoni pomwepo n'kusuzumira pamwamba pa khoma. Ndinamuona akuyesa kukhala pakhonde la wodi, mlonda n'kumulozera kugeti ndi chibonga. Ndinamuona akutuluka, n'kukakhala pansi pa kantemba ka mayi wogulitsa zitumbuwa, kachiwiri kuchokera pa nyale ya pageti. Azimayi ena onse anali atayamba kale kuyala zofunda. Amene anaona kumene wapita ndinali ine ndekha.

Tisanagone ba Tcheya anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi monga mwa masiku onse, kenaka anapempherera ana onse a m'wodi, osasiyapo ndi mmodzi yemwe. Tonse tinati amen. Ndinadzifunditsa mabulangete awiri, langa ndi la amayi, ndipo kunena zoona chibwerereni kuchipatalako ndinali ndisanagonepo mofunda chotero.

Chimene chinandidzutsa ndi kulira kwa chitseko chakuseri kwa wodi. Tonse tinkakudziwa kulira kumeneko, ndipo shedi yonse inkaleka kupuma. Mumtima ndinati ndi Yobu.

"Amake Mutinta!"

Ndinapumira m'mwamba. Mayi wa pakhomo analandira dzinalo, wachiwiri analipatsira, ndipo linadumpha pa ine n'kupitirira mpaka kumapeto. Palibe anadzuka. Chitseko chinatsekeka. Patapita kanthawi chinaliranso, dzina lomwe lija linayendanso mpaka kumbuyo n'kubwerako lokha.

"Si uja wa ng'ombe?" wina ananong'ona mumdima.

"Wamene aziba kwamene ali amuitane," anatero ba Tcheya, kenaka ndinamva akutembenuka.

Ine ndinkadziwa kumene ali. Ndinkadziwanso chinthu china chimene azimayi aja sankachidziwa. Geti usiku silinkatsegulidwa, koma kuseri kwa nyumba yochapira kunali chiboo pa waya wa mpanda, chimene ana a m'shedi tinkatulukira masana pokatola zisonga za nzimbe. Munthu wowonda ngati mayi uja akanakwanapo. Ndinagona chagada, maso ali pamalata, ndikukambirana ndi mtima wanga. Amayi anati usasunthe. Nanga ndikachoka n'kuitana dzina la Yobu? Nanga ndikabwera n'kupeza oyandikana nawo atambasukira pa katoni yathu? Zonsezo zinali zoona. Koma pansi pa zonsezo panali zina ziwiri zimene sindinauzepo munthu kwa zaka zambiri. Ndinkaopa kuti azimayi amene anandiombera m'manja madzulo andiseka akandiona ndikuthamangira munthu wa ng'ombe. Ndiponso kunja kunkazizira, pamene m'mabulangete munali mofunda.

Kachitatu namwino anatuluka mpaka pakati pa kabwalo. Mawu ake anali atasasa ndi mkwiyo.

"Amake Mutinta! Mwana afuna imwe! Muli kuti kansi?"

Ndinakoka bulangete mpaka kumutu n'kuyamba kupuma ngati munthu wogona. Chitseko chinatsekeka, ndipo sichinalirenso mpaka kucha.

M'mawa geti litangotsegulidwa, mayi uja analowa ali ndi chitini chovundikira m'manja. Anali atapempha moto kwa wogulitsa zitumbuwa n'kuphika phala ndi kaufa kamene anabwera nako. Milomo yake inali itatuwa ndi chisanu. Podutsa pakhomo la shedi anandiona ndikupinda mabulangete, ndipo anandipatsa moni. "Wauka bwanji, mwana?" Anaika chitini pa sitepe, anapukuta mapazi, n'kulowa m'wodi. Pamalo pamene anasiya Mutinta anapezapo mwana wina.

Kulira kwa maliro ndinali nditakumva kambirimbiri pamalo paja, koma kwake kunali kwa chiyankhulo chimene palibe ankachidziwa, choncho palibe anamuyankha. Anatuluka manja ali kumutu n'kuthamangira kushedi, poti ndi kumene kunali azimayi anzake. Ba Tcheya anadzaza khomo lonse ndi thupi lawo.

"Osalilila muno, mayo. Muzaitana imfa pa bana ba banzanu. Kalilileni uko kumutengo."

Anapita kukalira pansi pa mtengo wa m'mbali mwa mpanda, yekhayekha. Chitini chija chinatsala pa sitepe, ndipo anthu ankachilambalala polowa.

Amayi anafika dzuwa litakwera, maso ali psu, duku litayera ndi ufa. Thumba anali atalipeza n'kukalitula kunyumba. Asanafike n'komwe pakhomo, azimayi anayamba kuwachingamira ndi nkhani. "Amake Malita, muli na mwana! Malo yanu yanasungiwa monga ku banki." Anawafotokozera zonse, mpaka za hotela ndi ng'ombe, akusekanso kachiwiri. Kenaka wina anawalozera kumtengo n'kutsitsa mawu. Amayi sanaseke. Analowa m'wodi kukaona Yobu, anamumwetsa tiyi, ndipo atatuluka anandiitanira kumpopi.

"Unamva akuitana?"

"Ndinali m'tulo, amayi."

Anatsegula mpopi, anasamba kumaso, anasukusula m'kamwa, osafulumira. Ndinayamba kuganiza kuti nkhani yatha. Akupukuta manja pa nsalu, anafunsa ngati akufunsa za nyengo.

"Anaitana kangati?"

"Katatu."

Mawuwo anatuluka ndisanawagwire. Ndinatseka maso kudikira khofi. Amayi anali ndi dzanja lofulumira, ndipo ankandimenya pa zinthu zazing'ono ngati kutaya mchere. Tsiku limenelo ndinkalifuna dzanja lija ndi mtima wonse, chifukwa mwana akamenyedwa mlandu umatha. Koma silinabwere. Anangoti, "Tiye," n'kulunjika kumtengo kuja.

Anakhala pansi pambali pa mayi uja mpaka masana. Kenaka anamuperekeza kumochale, kumene anamupatsa kapepala ndi mwana wake. Apo ndi pamene vuto lina linaonekera. Mu Lusaka analibe mbale ndi mmodzi yemwe, ndipo galimoto yonyamula maliro sakanaitha. Mwamuna wake ndi ana ake anali kumudzi, akudikira kuti abwera ndi mwana wochira. Gogo wina wokolopa m'chipatalamo ndiye anatiuza chimene anthu akutali ankachita. Mwanayo umamubereka kumbuyo ngati wamoyo, n'kukwera basi ngati munthu wina aliyense, osauza munthu.

Amayi anavula chitenje chawo chabwino, cha ku Mvano, n'kutsala ndi chakale cham'kati. Anathandiza kumukweza Mutinta pamsana pa make. Miyendo inali itauma, ndipo anavutika kuipinda kuti izungulire m'chiuno. Kenaka anandituma kukatenga chipewa chaubweya cha Yobu, chimene analuka okha, n'kumuveka Mutinta mpaka m'maso. Anayankhula ndi mayi uja Chinyanja cha m'tauni, chomwe chija ankatikokera nacho makutu, kuti amve bwino.

"Mu basi osalila, mwamvela? Bakaziba bazakuselusani mu basi, bakusiyeni pa njila. Muntu akafunsa, mukambe ati mwana agona."

Mayi uja anagwedeza mutu. M'shedi anamuletsa kulira, ndipo tsopano m'basi namonso. Amayi anapempha woyandikana nawo pabedi kuti ayang'anire Yobu, anatola chitini chija pa sitepe n'kuchiika m'kamtolo, kenaka anandisenzetsa.

"Senza katundu wa amayi awa. Uziyenda pambuyo pawo, osati pambali."

Kuchokera kuchipatala kukafika kusiteshoni ya mabasi ndi mtunda ndithu, ndipo tinayenda wapansi. Njira yonse maso anga analibe kwina kopita. Patsogolo panga panali chipewa cha Yobu ndi timapazi tiwiri totuluka m'chitenje, kamodzi kali ndi kachingwe ka mikanda yoyera. Ndinali nditabereka ana ambiri, ndipo ndinkadziwa kuti mapazi a mwana wogona amagwedezeka make akamayenda. Awa sankagwedezeka. Tinadutsa anthu ogulitsa chimanga chowotcha, ana a sukulu, asilikali pa lole, ndipo palibe anatiyang'ana kawiri.

Panjira mayi uja anayamba kuyankhula, theka Chinyanja, theka chakwawo. Anati anabereka anyamata atatu, ndipo uyu ndiye anali mtsikana yekhayo. Anati Mutinta ankaopa mdima, ndipo chibadwire sanagonepo osagwira khutu la make. Namwino anali atamuuza kuti mwanayo anamuitana mpaka mawu kutha.

"Ati banaitana katatu. Ine sininamve. Nenze kutali," anatero. Anayenda pang'ono, kenaka anawonjezera, "Ndine woipa ine. Ninagona."

Ndinadikira kuti amayi anene kanthu, kuti aloze chala kumbuyo. Sananene. Ndinadikira kuti pakamwa panga patseguke. Sipanatseguke. Ndinamusiya mayi uja asenze yekha mlandu umene unali wanga, ndipo ndikukhulupirira kuti anafa nawo.

Kusiteshoni tinapeza basi ya kummwera ikudzaza. Ndinatula kamtolo. Mayi uja anamasula, anatulutsa chitini chija, n'kuchiyang'ana kanthawi. Kenaka anandipatsa ine.

"Idya, mwana. Wanitandiza maningi."

Ndinabisa manja kumbuyo. "Landira ndi manja awiri," anatero amayi. Ndinalandira, ndinapinda mawondo monga mwa mwambo. Mayi uja anakwera basi chammbali kuti mutu wa mwana usagunde chitseko, ndipo kondakitala anamuuza kuti asendere kumbuyo, wobereka asatseke njira. Anakhala pazenera, chipewa chofiira chili paphewa pake. Basi inanyamuka nkhope yake ili youma.

Ndinafuna kukasiya chitini paseri pa mpanda, koma amayi anandigwira mkono.

"Wapatsidwa. Idya."

Ndinadya nditaimirira pakati pa siteshoni, ndi zala. Phala linali lozizira, louma pamwamba, lopanda shuga, lonunkha utsi. Anali atathiramo nsinjiro pang'ono, kuti mwana wodwala alikonde. Linkakana kutsika, misozi ndi mamina zikugwera momwemo, koma amayi anaima pomwepo mpaka ndinakombeza pansi pa chitini. Pobwerera tinayenda mothamanga, poopa belu. Tikuyandikira geti, pafupi ndi kantemba ka zitumbuwa, amayi anaima.

"Ndine ndinakuuza kuti usasunthe," anatero. "Tchimo la katoni tigawana pakati, ine ndi iwe. Koma kuitana kuja unakumva wekha."

Sanadzaitchulenso nkhaniyi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Madzulo omwewo pakhomo la shedi panaimanso mlendo wina, ndipo ba Tcheya asanatsegule pakamwa amayi anali atasendera kale kukhoma. Ine ndinagona chokhala, nditatsamira mapazi awo.

Yobu anatuluka patapita masiku anayi. Masabata onse aja dzina lake silinaitanidwepo ngakhale kamodzi. Katoni ija tinaisiyira mlendo uja, koma sitinafike n'komwe pageti ba Tcheya asanaikokere kwawo. Lero Yobu ndi bambo wa mimba yake, amayendetsa minibasi ya ku Mandevu ndipo amaseka mokweza kuposa hutala. Sadziwa kumene chinapita chipewa chake chofiira.

Ndakhala ndikumva anthu akunena kuti nkhanza zimachokera kwa anthu oipa mtima. Ine ndikudziwa kuti sizifuna zambiri chotero. M'shedi muja munalibe mfiti. Munali azimayi opemphera, otopa, aliyense akuopera mwana wake, ndi kamtsikana komvera makolo kamene kanapeza pofunda ndi anthu okaombera m'manja. Malamulo aja sanandigwire miyendo. Anangondipatsa chonena, ndipo ndinachikumbatira chifukwa chinkagwirizana ndi zimene thupi langa linkafuna. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti ndinali mwana, kuti kunali mdima, ndipo koposa zonse kuti kugeti kunali kutali.

Nditakula, mwana wanga woyamba anagonekedwa m'chipatala chomwecho. Shedi ija inali itagwetsedwa, koma simenti yake inalipo, ndipo mtengo uja unali utakula. Tsiku lina masana ndinaima pamene panali katoni yathu, n'kuyenda kuzungulira kuseri kwa nyumba yochapira mpaka pamene panali kantemba kachiwiri kuchokera pa nyale. Ndinkafuna kudzitsimikizira kuti kunalidi kutali. Sikunafike ngakhale pa mtunda wochoka pakhomo pathu ku George kupita kumpopi, umene ndinkauthamanga kasanu pa tsiku ndi ndowa pamutu. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, wa liwiro ngati limene ndinali nalo ine, akanapita n'kubwerako katoni isanazizire.